Thabwa la pa Chombo ndi Mamina a Pien

Lachinayi, 23 Okutobala

A Eltjo abwerako kuchipatala. Jantien, mwana wathu, ndi amene anatitenga pa galimoto kuchokera ku Groningen mpaka pano pa ngalande. Njira yonse ine maso pa khosi la amuna anga, kuona ngati akulitembenuza bwino.

Aonda. Buluku likuchita kufuna bowo lina pa lamba. Khutu lakumanzere linafa, akuti silidzukanso, ndipo akatembenuka msanga mutu umawazungulira. Pa thabwa lowolokera kulowa m'chombo chathu chimene timakhalamo tinachita kuwagwira uku ndi uku, munthu amene ankathamanga pa thabwa lomweli atasenza chingwe, nthawi imene tinkanyamula mchenga. Anachita manyazi. Anati, "Tandisiyani, ine si kabati."

Dzina la matendawo ndilemba kamodzi kokha: oumitsa khosi. Kuyambira lero ndizingoti chija.

Atangokhala pampando wawo anaitanitsa khofi. Kenako, "Nanga Pien? Lachiwiri akubwera, eti?" Lachiwiri ndi tsiku lathu lolera mdzukulu, chiyambire ali khanda. Ndinati tiona.

Jantien atapita ndinakokera thabwa m'chombo. Ndi lolemera, msana ukundiuza.

Lachisanu, 24 Okutobala

Kutentha kwa thupi: bwino. M'mawa bwino, masana bwino, madzulo bwino. A E. akuti ndikawaikanso choyezera mkamwa achimeza.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Kuchipatala ndinafunsa dokotala wa za ubongo, mtsikana wamagalasi uja, kuti chija chinachokera kuti. Anati kachilombo kanayambira m'khutu n'kukwera kumutu. Anati tizilombo timeneti timakhala m'mphuno mwa anthu ambiri popanda kuwadwalitsa, makamaka ana aang'ono. Anapitiriza kulankhula, za katemera ndi zina, koma ine makutu anali atatsalira pa "ana aang'ono".

Sabata imene a E. anayamba kudandaula khutu, Pien anali ndi chimfine. Anakhala pamiyendo pawo tsiku lonse akupukusa chiwongolero, mamina akupukutira pa juzi yawo. Iwo kumangoseka.

Sindikuti ndi Pien. Mwana wa zaka zitatu ali ndi mlandu wanji? Koma mphuno ya mwana ameneyu siuma kuyambira masamba akayamba kugwa mpaka maluwa atuluke.

Lamlungu, 26 Okutobala

Tabweza mawotchi ola limodzi m'mbuyo, monga timachitira kuno chisanu chikayandikira. Mdima wayamba kufika tisanamalize khofi wamadzulo.

Lero ndakhala ndikuganiza za Harm, mlongo wanga wamng'ono. Anali ndi zaka ziwiri, ine zisanu ndi ziwiri. Chombo cha abambo chinali chitaima pa doko la Delfzijl kudikira katundu. Madzulo mwana ankasewera ndi zingwe, m'mawa khosi gwa, thupi moto. Amayi anakoka thabwa n'kukuwira ana a zombo zina kuti asayandikire. Ife a m'zombo ndi mmene tinkachitira: matenda akalowa, thabwa m'kati. Dokotala anabwera, anangopukusa mutu. Kabokosi ka maliro a Harm abambo anakanyamula okha m'khwapa.

Sukulu ndinaiona pang'ono chabe, madzi akaundana chombo n'kulephera kuyenda. Koma zimenezi palibe anachita kundibwerezera.

A E. amadziwa za Harm. N'chifukwa chake sanandikalipirebe. Anangosuzumira panja n'kuti, "Aal, tanyamuka ulendo wa kuti, poti injini sindikuimva? Kapena ndi khutuli?"

Lolemba, 27 Okutobala

Ndamuimbira Jantien kuti mawa Pien asabwere.

"Mpaka liti, amayi?"

"Mpaka chisanu chithe."

"Chisanu sichinayambe n'komwe!"

Anati Pien anabayidwa katemera yense, palibe umene anaphonya. Ndinati katemerayo ndi wa iyeyo, abambo ako okalambawa akulowapo pati? Anapumira m'mwamba monga ankachitira ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndikudziwa ndamuvutitsa, ali ndi ntchito, ali ndi Siem wa miyezi isanu kumanja. Anati aona chochita. Sanati "tsalani bwino".

Lachiwiri, 28 Okutobala

Anabwerabe, pa njinga, n'kuima kumtunda. Ife m'chombo, iwo pa udzu, pakati madzi. Pien atavala nsapato zake zamphira zachikasu zija. Agogo ake aamuna amawaitana kuti Opa, ine Oma.

"Opa! Mlatho wathyoka?"

Kunali mphepo ndipo a E. anali atalozetsa khutu lakufa. Ndinawabwerezera. Anati, "Sunathyoke, kaputeni wanga. Oma aubisa."

Pien anandiyang'ana monga amayang'anira ndiwo zamasamba. "Oma, bweza."

Ndinamuponyera nachesi. Inagwera m'madzi, abakha n'kuithamangira. Iye anabweretsa chojambula chake: chombo, ndi opa wa khutu limodzi lalikulu ngati mbale. Jantien anachikulunga pa mwala n'kuponya. Ndachisiya panja pansi pa mphika wa maluwa kuti chipitidwe mphepo kaye.

Atapita, a E. anakwera ku kanyumba ka chiwongolero n'kukhala mmenemo mpaka kunada. Nyale osayatsa.

Lachinayi, 30 Okutobala

Supu wa nsawawa wothira soseji, amene amanyambita mbale. Anangolawa. Kutentha: bwino. Ndiye chavuta n'chiyani?

Loweruka, 1 Novembala

Wubbo, mlimi mnzawo wakalekale wa a E., wabwera ndi biti, chomera chija chonga mbatata yaikulu yobulungira. Chaka chilichonse akamakolola amasankha biti wa shuga wamkulu kuposa onse m'munda mwake, a E. n'kumuboola m'kati, kumusema, kuikamo kandulo, kuti Pien akhale ndi nyali yoyenda nayo m'makomo pa tsiku la Martino Woyera, pamene ana amaimba n'kumalandira maswiti. Nyali zamapepala za kusukulu a E. amati ndi za ana a anthu aulesi. Jantien yemwe ankayenda ndi ya biti.

Wubbo anaima kumtunda, biti m'khwapa ngati mutu wa munthu.

"Aaltje, thabwa lili kuti?"

"Lili pa tchuthi."

"Eltjo! Akutsekera ngati mbalame iwe? Akukupatsa nthanga?"

"Nthanga ndi choyezera," anatero a E. "Lankhula mokweza, nkhalamba iwe, mbali ino sitolo inatsekedwa."

"Mwayi wako! Ine ndikanapempha atseke onse awiri."

Ndinamva a E. akuseka koyamba chibwerere. Wubbo anaponya bitiyo, ndinamuwakha ndi ndowa, n'kumutsuka ndi sopo. Wubbo anati biti ameneyo wakhala m'dothi miyezi yonseyi osakhosomolapo. Aseke. Iye alibe adzukulu, sadziwa.

Tsiku la Martino, pa 11, ndi Lachiwiri. A E. anawerenga pa kalendala n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana ndowa.

Lolemba, 3 Novembala

Biti ali patebulo, sanamukhudze. Mpeni wawo wosemera ndinaunola ndekha n'kuuika pambali pake. Akuti, "Ndisemere ndani? Abakha?"

Apeza njira yatsopano yondizunzira. Ndikayamba za kusamba m'manja, amatembenuza mpando kuti ndikhale mbali ya khutu lakufa. Akuti lakumanzere ndi langa, lakumanja akusungira Pien.

Jantien waimba. Lachitatu Siem akukabayidwa katemera ku sikelo, ndipo akufuna womugwirira mwana. Akuti, "Popeza ife m'chombo ndife oletsedwa, mutsike ndinu." Ndikudziwa ndi msampha. Ku sikelo ndi kumene mamina onse a m'mudzi muno amakumana. Koma mawu ake anali otopa. Ndavomera. Wubbo adzakhala ndi a E., atasamba m'manja ine ndikuona.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndinavala masiki, ine ndekha m'chipinda chonse. Ana kukhosomola uku ndi uku. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo.

Namwino wake ndi mzimayi wathupi, wa tsitsi lofiira. Siem ndinamugwira ndine, ntchafu zake zonona zija zili pamtunda. Ndinafunsa kuti jakisoniyu ndi wa chiyani. Jantien anali atamuuza kale za abambo ake, ndinaonera mmene anandiyang'anira. Anati ndi wa tizilombo ta banja lomwe lija linagwira amuna anga.

Ndinati, "Ndiye Siem watetezeka."

Anati, "Siem, ndi agogo ake omwe."

Ndinati bwanji, poti singano ikulowa pa ntchafu ya mwana? Anati mwana akabayidwa, mitundu ya tizilombo imene ili m'katemerayo imasowa pokhala m'mphuno mwake. Ikasowa pokhala, sapita nayo kwa agogo. Anati chiyambire kubaya ana, mitundu imeneyo yachepa ngakhale mwa okalamba amene sanabayidwepo.

"Nanga amuna anga anadwala bwanji?"

Sanandinamize, ndimuyamikire pamenepo. Anati mitundu ndi yambiri, katemera sagwira yonse, ndipo ina ikachoka ina imabwera kudzatenga malo. Ndinamva. Pa doko zimateronso, chombo chikachoka china chimakocheza.

Kenako anabaya. Siem anadabwa kaye, kenaka kukamwa yasa! Analira ngati ndamupereka kwa adani. Anagwira masiki anga n'kuwakokera pansi, nkhope yake yonyowa n'kuikhutiza m'khosi mwanga. Sindinamuchotse. Ndinaganiza za Harm, kuti iye singano ngati imeneyi sinamupeze.

Potuluka namwino uja anawonjeza kuti, "Komatu si ana okha, amayi. Akuluakulu ena nawonso amakhala nato m'mphuno osadziwa. Ngakhale inu mukhoza."

Jantien anatseka maso. "Mwawapatsa ntchito ina," anatero.

Kunyumba ndinawafotokozera a E. zonse, mbali ya khutu lamoyo. Anati, "Ndiye kamnyamata kaja kalira m'malo mwanga? Kagulireni njinga." Za mphuno yanga sindinawauze.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndasamukira ku kachipinda ka kutsogolo, komwe ankagona wantchito wathu kale. Kukuzizira, kukununkha phula. Kapu yanga, supuni yanga, thawulo langa, zonse padera.

A E. anabwera akugwira makoma, n'kuima pakhomo. Ndinawauza chifukwa chake.

"Zaka makumi asanu wakhala ukundipumira kumaso, ukuliza mkonono ngati injini yakale, lero ndiye waona kuti ndiwe woopsa?"

"Ine sindiliza mkonono."

"Pano ndi theka lokha limene ndikumva, n'chifukwa chake ndikuchira."

Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. Anakhala pa masitepe. Anati, "Aal, kuchipatala kuja ndinkalimbana kuti ndibwerere kwa anthu. Chombo ndi chitsulo." Ndinati ndikufuna mufike chilimwe muli moyo. Anati, "Ndifike ndi ndani?"

Anabwerera okha. Ndinamvetsera mapazi awo mpaka anakhala pampando.

Lachisanu, 7 Novembala

Ayamba kusema! Tsiku lonse patebulo, lilime panja, zinyenyeswa za biti mbwee pansi. Adya mbatatesi ndi kabichi mbale yonse. Sindinafunse kanthu, kuopa kuwononga.

Loweruka, 8 Novembala



Titadya masana ndinakagona pang'ono ku kachipinda kanga kozizira. Ndinamva phuvu! Ndinayesa ndowa yagwa. Kenako, "Aal!"

Anali m'madzi, pakati pa chombo ndi mtunda, madzi m'chifuwa, mapazi atatitimira m'matope. Dzanja limodzi pa chingwe chomangira chombo. Linalo m'mwamba, litanyamula nyali ya biti. Atavala jekete lawo lakutchalitchi.

Ankafuna kukakwera basi, akamupatse Pien nyali yake. Thabwa sakanatha kulinyamula, ndiye anati adumphe, monga adumphira moyo wawo wonse. Mutu unazungulira ali m'malere.

"Landira nyali kaye!"

"Ndilandire nyali? Chitsiru cha nkhalamba inu!"

"Inyowa, Aal!"

Ndinailandira, chifukwa ndinaona kuti sagwira ndi manja awiri ndisanatero. Ndinawakola jekete ndi ndodo yambedza, koma kuwakweza m'chombo sindikanatha, ndi patali. Pofunika kuwakokera kumtunda. Ine kumtunda ndifika bwanji? Thabwa lili m'kati, ndinalimanga ndi mfundo ziwiri, mfundo zanga zomwe. Zala kuuma. Iwo milomo ikuda, akundiyang'ana. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine chinali chaka.

Mwayi Wubbo ankadutsa ndi thirakitala ya mabiti. Anagona chamimba pa udzu n'kuwagwira kolala, ine mfundo zitamasuka n'kuika thabwa n'kuwoloka, tinawakoka ngati thumba la mchenga wonyowa. Nsapato imodzi yatsala m'ngalande.

Wubbo, akupuma movutika: "Eltjo, ukafuna kusamba uzinena, kwathu kuli bafa."

Madzi otentha, mabulangete onse, tiyi. Ndinaimbira a chipatala, anati ndiziona kutentha ndi kapumidwe, zikasintha ndiimbenso. Kuuza ine kuti ndiziona kutentha!

Ndinalowa nawo m'mabulangete kuti ndiwafunditse. Mapazi awo ngati nsomba. Ndinalira kumsana kwawo. Anati, "Wabwerera? Nanga mphuno yako yoopsa ija?" Ndinati khalani chete.

Lamlungu, 9 Novembala

Kutentha: bwino. Sakukhosomola. Ine ndi amene ndikumva ngati ndamenyedwa.

Jantien ndamuuza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Amayi." Basi.

Nyali ndaiyang'ana bwino lero. Asema chombo chathu, mafunde, ndi P wamkulu. Kumbuyo kuli S wamng'ono. Akuti ndi malipiro a jakisoni, njinga ibwera pambuyo.

Lolemba, 10 Novembala

A dokotala Wiersema, adokotala athu a m'mudzi muno, abwera kudzawamvetsera chifuwa. Chili bwino. Anati mtima wa a E. ndi wa hatchi, nzeru ndiye sanayeze. Anakhala kumwa khofi ndi keke.

Ndinati, "Adokotala, ndilonjezeni kuti chija sichibweranso."

Anati, "Sindingathe, mayi Dijkhuis. Ndikalonjeza ndiye kuti ndikunama."

Anati pamene ankayamba ntchito, chisanu chinkabwera ndi mantha a chija mwa ana, foni ikalira mtima m'mwamba. Pano pamatha zaka osachiona mwa mwana. Anati ana obayidwawa akutitchinga ndi ife okalamba, osati kotheratu, komabe akutitchinga. Kumene kachilombo ka a E. kanachokera palibe angadziwe, mwina kwa mwana, mwina m'basi, mwina kanali m'mphuno mwawo kalekale. A E. akapeza mphamvu adzabayidwa katemera wa akuluakulu, inenso tsiku lomwelo. A E. anati iwo salira ngati Siem. Tidzaona.

Anandiuza zoyang'anira: khutu kupweteka, kutentha, mutu, kusokonezeka. Zikaoneka ndiimbe pompo, ndisadikire kuche. Anati, "Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo m'mudzi muno palibe angakuposeni." Sindikudziwa ngati kunali kundiyamikira.

Potuluka anaima pa thabwa n'kulipondaponda. "Tsiku lina ambulansi itafunika, anyamata onyamula machira aja adzauluka?"

Atapita ndinalikoka. Ndinalibweza. Ndinalikokanso. A E. ankandionera pazenera ngati kanema. Pano lili m'kati, koma sindinalimange.

Madzulo Jantien waimba. Pien wayamba chimfine, mphuno ikutuluka ngati mpopi, koma thupi silikutentha, akudya, akudumpha pa sofa. Anati, "Ndiye musavutike, amayi, ndamva. Mawa tingodutsa kumtunda, aimbe ali pomwepo, mumuponyere nyali yake."

Mwana wanga anandipatsa yekha pothawira. Ndinati chabwino.

Chimfine. Mwa masiku onse a chaka!

Lachiwiri, 11 Novembala

M'mawa a E. anamanga waya pa nyali, n'kuikoloweka ku kandodo, n'kuyesa kandulo. Za dzulo ndinali nditawauza. Sanatsutse, sanaseke, sanatembenuze mpando. Anangoti, "Uponye bwino, Aal. Isakagwere kwa abakha ngati nachesi ija."

Ndikanakonda akanandinyoza. Munthu amene anaimika biti m'mwamba madzi ali m'chifuwa, lero akundipempha kuti ndiponye bwino.

Ndinatsuka pansi posada. Ndinayang'ana chojambula cha Pien chija, chimene pano chili pa firiji, opa wa khutu ngati mbale. Ndinaganiza za amayi. Iwo pokoka thabwa analibe china m'manja, ngakhale singano, ngakhale foni. Ndinaganiza za ntchafu ya Siem.

Dzuwa litapendeka ndinatuluka ndi ndowa ya mchenga. Ndinaika thabwa. Ndinalimanga mbali zonse, n'kukoka chingwe chogwirira, n'kuwaza mchenga kuti pasaterere. A E. anatsegula zenera.

"Ukutani?"

"Ndikuyanika thabwa."

"Mvula ikubwera."

"Tsekani zenera, mudwala."

Anatseka. Nditalowa ndinapeza akupesa tsitsi, atavala juzi ija.

Kutangoyamba kuda, tinyali tinayamba kuoneka m'mbali mwa ngalande, tofiira, tachikasu, tikugwedezeka. Ana a anthu ena anafika kaye. Iwo ndinawapatsira kumtunda, maswiti ndi manachesi, munthu sasintha zonse tsiku limodzi. Kenako nsapato zachikasu. Jantien kumbuyo, Siem pachifuwa. Anaona thabwa n'kuima. Anandiyang'ana. Ndinati, "Mukudikira chiyani, kukuzizira."

Pien: "Mlatho wachira!"

Anawoloka atagwira chingwe. Mamina mizere iwiri mpaka pamlomo, ikunyezimira. A E. anali atakhala pakhomo, nyali ya biti itayaka pamiyendo, chombo ndi mafunde zikuwala pa nkhope yawo. Pien anaima patsogolo pawo n'kufunsa kuti khutu lamoyo ndi liti. Anamulozera. Anakwera pamiyendo, anagwira khutulo ndi manja awiri, n'kuimbira m'kati mwenimweni. Nyimbo yake anaisokoneza yonse, theka mawu a kusukulu, theka ake. Pakati pa nyimbo anayetsemula. Pa juzi.

Ine ndinaima mbali ya khutu lakufa. Ndinawerama n'kunong'oneza zonse mmenemo: mamina, chisanu, Harm, chija, zonse zimene ndikuopa. Sanamve ngakhale limodzi. Koma dzanja lawo linabwera kumbuyo n'kupeza langa.

Pien atamaliza anakweza nkhope. "Oma, mphuno."

Ndinamupukuta ndi mpango wanga. Kenako ndinamusambitsa m'manja, iye, opa wake, Jantien, ngakhale Siem amene sanagwire kanthu. Jantien anaseka mpaka misozi.

Apita kukamaliza makomo ena, P akuwala kutsogolo, S kumbuyo. Lachiwiri likudzali abwera m'mawa monga kale. A E. adya mbale ziwiri, pano akusinza pampando.

Kutentha: bwino. Ndiyezanso mawa.

Mvula yayamba. Thabwa lili panja, likunyowa.